Kalata ya Tisunge Inawerengedwa Kumanda

Ndinadzuka tambala asanalire, nthiti zikupweteka chifukwa chogona pasimenti masiku atatu. Amayi amene anachezera kuimba anali atagona mothinana m'chipinda chochezera cha apongozi anga ku Kasanda, komboni ya anthu a mumgodi. Unali mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa. Ndinanyamula mwana wanga Tisunge, ndi kupita naye pakhomo pamene panali nyali, ndi kumasula thewera. Chimbudzi chinali chachikasu ngati dzungu. Ndinachiyang'anitsitsa kawiri, ndipo ndikuvomera kuti m'nyumba ya maliro imeneyo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe.

Amene sanalerepo mwana wotere sangamvetse. Tisunge anabadwa bwino, koma patapita masabata ochepa maso ake anasanduka achikasu, chimbudzi chikutuluka choyera ngati ufa. Kuchipatala chachikulu ku Lusaka anati njira yotulutsa ndulu m'chiwindi inali yotsekeka, ndipo anamuchita opaleshoni asanakwane miyezi iwiri. Adokotala anandiuza mosabisa kuti bala likhoza kupola koma chiwindi n'kumawonongekabe mkati. Thewera limakupatsa chithunzi chabe, anatero, zoona zake amanena ndi magazi. Anandiphunzitsa dzina la chikasu cha m'magazicho, bilirubini, ndipo ndinalibwereza m'sitima njira yonse mpaka linakhazikika m'mutu. Ulendo woyamba nambala yake inali pamwamba. Wachiwiri inatsika pang'ono. Magazi achitatu ndiwo ankati adzasonyeza ngati opaleshoni yagwira. Kalata ya zotsatira ndinayenera kukaitenga Lachiwiri, koma apongozi aamuna anatisiya Lolemba. Mkazi wokwatiwa pakhomo sachoka pamaliro a apongozi. Choncho bambo a Tisunge anaimbira foni mkulu wawo wa ku Lusaka kuti pobwera kumaliro adzere kuchipatala.

Malemuwo ndiwo ankaidikira kalatayo kuposa tonse. M'mawa uliwonse ankamutengera mwanayo pawindo, n'kumukweza chikope ndi chala chawo chokhakhala cha mumgodi, n'kufunsa kuti, "Nanga nambala ija?" Ali chigonere anafunsabe.

Kutacha tinasonkha moto kuseri kwa nyumba. Panali migolo iwiri ya nyemba ndi kabichi wodzaza bafa. Mphepo inkabwera ndi fumbi la ku milu ya mgodi, moti tinkaphimba chilichonse ndi masaka. Aneba athu Achibemba anafika ndi phokoso lawo. Ife a kum'mawa ndi iwo timachita chimbuya, ndiye kuti pamaliro a wina mnzake ali ndi ufulu wonyoza, kuseka ndi kugwira ntchito zolemetsa, ndipo palibe amakwiya. Mayi wina wamtali wogulitsa makala anandipaka ufa kumaso konse, akuti ndioneke bwino pamaso pa alendo. Anandinong'oneza kuti, "Pepala lafika?" Ndinapukusa mutu.

Anthu anayamba kuchuluka. Amayi achigwirizano anabwera atavala zoyera ndi zakuda, akuimba kuchokera kumsewu. Anzawo a malemu a mumgodi anatsamiritsa njinga kumpanda mpaka mpanda unapendekeka. A tcheyamani a chipani anafika ndi mpando wawowawo. Ine ndinkapereka madzi osamba m'manja, koma khutu lili kunjanji. Sitima ya ku Lusaka inachedwa monga mwa masiku onse.

Alamu anga a ku Lusaka aja anatulukira bokosi likukwezedwa kale pa lole ya kampani. Analowa pachipata akulira mokweza, amuna anawagwira mbali zonse. Ndinaona ndi maso anga akutulutsa maenvelopu m'thumba la jekete ndi kupatsa mkulu wa mpingo, amene ankasonkhanitsa mauthenga achipepeso. Ndinafuna kuthamanga, koma mkazi sungadutse pakati pa amuna onyamula maliro kukafunsa za pepala. Ndinasiya Tisunge kwa mkulu wanga, popeza khanda sitipita nalo kumanda, ndi kukwera lole yachiwiri. Njira yonse ndinkaimba nawo, koma sindikumbuka nyimbo ngakhale imodzi.

Kumanda abusa analalikira mwachidule chifukwa cha mphepo. Bokosi litatsitsidwa, mkulu wa mpingo uja, amene kale anali mphunzitsi, anayamba kuwerenga mauthenga. Achingerezi ankawamasulira yekha. Unabwera wa kumpingo wa kwawo kwa malemu, wa anzawo opuma ntchito, wa akuchikazi. Kenaka anang'amba envelopu ya khaki, nakonza magalasi.

"Uwu wachokera kuchipatala ku Lusaka," anatero. Anthu anang'ung'udza moyamikira kuti ngakhale achipatala apepesa. "Akuti, mwana Tisunge, magazi amene tinatenga..." Anaima. Anatembenuza pepalalo, nayang'ana alamu anga, amene anali atagwira kumutu. M'chisoni chawo anali atapereka zonse zimene zinali m'thumba.

Ngati nkhaniyo inali yoipa, ndikanaimvera pamaso pa Kasanda yense. Mkuluyo anayamba kupinda pepala, koma apongozi aakazi, amene sanayankhule chiyambire Lolemba, anadzutsa mutu pamphasa pamene anakhala.

"Werengani, aphunzitsi. Mwini wake wa kalatayo ndi amene ali m'dzenjemo."

Anawerenga pang'onopang'ono, akupunthwa pa mawu achipatala. Bilirubini anaitchula molakwika, ine ndinaikonza chamumtima. Anati yatsika kufika pa mlingo wa mwana aliyense, kusonyeza kuti ndulu ikuyenda. Nambala zina za chiwindi zikadali pamwamba pang'ono koma zikutsika. Mwana apitirize mankhwala, abwerenso pakatha miyezi itatu adzatengedwe magazi ena.

Ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe. Amayi a pambali panga anandigwira poganiza kuti ndikukomoka ndi chisoni. Kumanda sikosangalalira, makamaka iwe mpongozi. Aliyense ankayang'ana pansi, osadziwa chochita.

Ndiye mayi wamakala uja anaimirira. Anaika dzanja pakamwa, naimba nthungululu yaitali mpaka mbalame zinauluka m'mitengo. Anayenda mpaka m'mphepete mwa dzenje, manja m'chiuno.

"Mwamva, mdala? Anthu a kum'mawa kupupuluma! Masiku atatu okha mwalephera kudikira? Onani tsopano, nkhani yabwino mukuimvera chogona!"

Wina anaseka kumbuyo, kenaka anthu onse pamandapo anaseka, ena akulira nthawi yomweyo. Abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Bambo a Tisunge anandiyang'ana kuchokera mbali ya amuna, misozi ili mbwembwembwe, akugwedeza mutu ngati mwana. Achibemba ena analandira nthungululu ija, ndipo ine ndinalowetsamo yanga yaing'ono, palibe anadziwa kuti ndi yanga. Amuna anatenga mafosholo, ndipo anakwirira mofulumira kuposa maliro onse amene ndinapitako.

Pobwerera tinasamba m'manja pachipata monga mwa mwambo. Anthu anadya, ambiri ankabwera kuseri kudzasuzumira mwana amene kalata yake yawerengedwa kumanda. Alamu anadzandipepesa, ine ndinangowagwira dzanja ndi manja awiri. Pepalalo ndinalipinda ndi kulisunga m'chitini cha makadi a sikelo.

Madzulo nyumba inakhala chete. Mipando inali idakali panja, phulusa likufuka pang'ono, mpanda uli chipendekekere. Ndinakhala pansi ndikuyamwitsa. Apongozi aakazi anatuluka kuchipinda, natambasula manja, ndinawapatsa mwanayo. Anapita naye pawindo lija, pamene panali kuwala kotsala, namukweza chikope ndi chala. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Maso ayera," anatero. "Kuyambira mawa muzindidzutsa m'mawa, amake Tisunge. Ntchito imeneyi yatsalira ine."