Phazi langa pakhonde la sitolo ya thonje

Che Amidu, inu amene mwagula sitolo yakale ya thonje pa Balaka, mwandilakwira. Dzulo ndikudutsa ndangomva fungo la simenti yaiwisi, kuyang'ana, khonde lonse mwathira simenti. Mwakwirira phazi langa.

Njerwa za nyumba imeneyo anaumba ndi bambo anga ku Rivirivi, ine ndili kamwana kopanda ndi kabudula yemwe. Tsiku lina ndikuthamangitsa chiwala ndinaponda njerwa yaiwisi, zala zonse kudindika. Ndinkadikira mbama, koma bambo anangoseka.

"Iyayi, musaiphwanye," anawauza anzawo. "Nayenso waumba yake."

Anaiwotcha, amisiri nkuiyala pakhonde, patsinde pa chipilala cha kukhomo.

Inali nyumba inu! Zipilala zoti sindinkatha kuzikumbatira, zitseko zolowa ngolo yathunthu, timabowo m'mwamba tolowetsa mphepo, mkati kuzizira ngakhale m'chilimwe. Alimi a ku Ulongwe akamakangana ndi Mmwenye mwini sitoloyo pasikelo ya thonje, ine ndinkakhala panjerwa yanga kutafuna nzimbe, kumauza anzanga kuti nyumbayi njathu, Mmwenyeyo tangomubwereka. Mlonda akandiona ankawomba sawasha ngati msilikali: "Eni ake afika!" Ine nkumavomera ndi mutu.

Ndakula, ndikudziwa kuti sinali yathu. Bambo sanapitirirepo pasikelo kulowa mkati. Koma iwo anafera ku Joni, manda awo sindiwadziwa, ndiye ndikawasowa ndimapita pakhondepo.

Nyumbayo khalani nayo, Che Amidu, sindikuifuna. Tengani chizulo mugumule patsinde pa chipilalacho, mundipatse njerwa yanga. Yosasweka.