Kukaonetsa Amayi Nkhwazi ku Malingunde

Tinanyamuka pa Namitete dzuwa lisanatenthe, ine ndi amayi anga. Adokotala anali atandiuzira pambali kuti maso a amayi akutha, ndipo palibenso chochita. Nditawafunsa chimene amalakalaka kuona, anati nkhwazi, mbalame imene ankangoimva m'kamwa mwa anthu. Mantha anga anali akuti mwina tachedwa kale.

Minibasi yopita m'tauni inatidula K5,000 aliyense, koma mpando tinagawana ndi mbuzi imene inakwera pa Msundwe. Pa Mpingu ndinagula chimanga chootcha. Powapatsa, amayi anatambasula dzanja n'kugwira mphepo. Ndinangowaikira chimangacho m'manja.

M'tauni tinakwera ina yodzera ku Likuni, ndipo masana tinafika pa damu la Malingunde tili mbuu ndi fumbi. Mwini boti, bambo wamfupi wachipewa chong'ambika, anali ndi nsomba ziwiri zokopera nkhwazi. M'botimo munali kale banja lina la m'tauni, mwamunayo atakolowekera kamera yaitali ngati munsi.

"Mayi, munakwerapo boti?" mwini boti anafunsa amayi.

"Ngolo yokha, bambo. Iyi yopanda ng'ombeyi ndikuikayikira."

Madzi anali bata. Tili pakati, bamboyo anazimitsa injini, analiza likhweru, n'kuponya nsomba yoyamba patali. Nkhwazi inachoka pa mtengo wouma, inaitola mwaukhondo n'kubwerera. Tonse tinaomba m'manja.

"Yadutsa kale kodi?" anafunsa amayi, akuyang'ana kolakwika.

Ndinapempha bamboyo kuti yotsalayo aiponye pafupi penipeni. Inagwera poti ukhoza kuigwira ndi nkhafi. Tinadikira kanthawi, kenako mbalame ija inabwera chotsika, mapiko tambasu, zikhadabo patsogolo.

Tsono amayi aweta nkhuku moyo wawo wonse, ndipo kwathu chilichonse chotsika kumwamba motero chimakhala kabawi wofuna anapiye. Anadzambatuka, boti mpaka kupendekeka, akukupiza chitenje.

"Choka iwe! Choka!"

Nkhwazi inakhota m'malere n'kuthawira kutsidya. Nsomba inatsala ikuyandama. Wakamera uja anang'ung'udza kuti chithunzi chake chawonongeka, pamene mwini boti anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Zaka zonsezi sindinaonepo mlendo wopirikitsa chimene walipirira kudzaona," anatero.

Amayi anakhala pansi mwamanyazi, akupuma mofulumira. Ine ndinali ndisanamvetse chimene chachitika, mpaka pamene anandigwira bondo.

"Mwanawe, ndaiona. Mutu ndi chifuwa zoyera mbee, mapiko akuda. Siinali kabawi iyo, eti? Pepani nonse, manjawa anayamba okha."

Pobwerera anagona tulo kuyambira pa Mpingu, mutu uli paphewa langa. Ndinapita ku Malingunde poganiza kuti amayi akaona nkhwazi mwakachetechete ngati alendo ena onse. Anaiona mmene aonera zinthu moyo wawo wonse, ali chiimire kuteteza kena kake. Wakamera uja anabwerera wopanda chithunzi, ndipo kunena zoona sindinamumvere chisoni.