Uthenga wa Maliro a Malume Unayenda pa Njinga

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa chifukwa chogona pamphasa m'siwa. Amayi a kutchalitchi anali atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse. Panja kunali chiperoni, phiri osaoneka n'komwe, ndipo pansi pa mtengo wa mango moto wophikira nandolo unali utayaka kale. Ine mtima unali pa chinthu chimodzi: amayi aakulu, mchemwali wawo wa malume, anali asanamve kuti mlongo wawo watisiya.

Iwo amakhala kutsidya kwa malire, kupitirira Nkhulambe, komwe foni sigwira. Kale zoterezi sizinkativuta. Kawailesi kathu ka kuno kankawerenga mauthenga a maliro m'mawa uliwonse, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, pofika masana anthu ali kale m'njira. Kenaka kampani ina ya ku Blantyre inakagula, monga inagulira mawailesi ena ambiri. Lero mukapotokola wailesi uku ndi uku mumangomva mawu omwewo akutsatsa sopo yemweyo. Malume, amene moyo wawo wonse ankakonza mawailesi pa Migowi, ankakonda kunena kuti, "Mawailesi achuluka, koma pakamwa m'pamodzi." Uthenga wathu tinautumiza tsiku lomwe anamwalira. Tinatchera khutu mpaka mabatire kufooka, koma ayi ndithu, sanauwerenge.

Kubanja kwathu bokosi silikhomedwa mlongo wamkulu asanaone nkhope. Koma adzukulu anali atamaliza kukumba, ndipo akuluakulu anati mvula ikalimba madzi adzadza m'manda, sitingadikire kupitirira masana. Ndinachita mantha, sindibisa.

Anthu ankangobwerabe, ena wapansi, ena pa njinga, nsalu zitanyowa. Bambo wina wokalamba anafika atakolekera paphewa kawailesi komanga ndi mphira, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo. Abusa athu, omwe Lamulungu lililonse timawanena kuti amatalikitsa ulaliki, tsiku limenelo ndinawakonda. Ankati akafika pomaliza, n'kuyang'ana kumsewu, n'kutsegulanso vesi lina.

Akalipentala atangotenga hamala, kumsewu kunamveka belu la njinga. Anali wakabaza, matope mpaka m'mawondo, kumbuyo atanyamula amayi aakulu. Tinamva pambuyo pake kuti akabaza a pa Migowi, omwe ankamvera mpira pakhonde la malume, anapatsirana uthengawo okha. Wina anaufikitsa pa Nkhulambe, wina pa malire, wina mpaka pakhomo pawo. Palibe wa ife anawatuma.

Amayi aakulu analowa osasasa n'komwe matope. Anagwada, anawagwira malume pachipumi, n'kuwalankhula pang'onopang'ono m'Chilomwe. Atatero anagwedeza mutu, bokosi linakhomedwa. Popita kumanda tinadutsa m'minda ya chinangwa, poterera, ndipo akabaza aja anasiya njinga zawo n'kulandirana bokosi ndi adzukulu. Ndinalira njira yonse, koma theka la misozi imeneyo linali lothokoza. Mayina awo sindikuwadziwa onse mpaka lero.

Madzulo pakhomo panati zii. Panatsala phulusa, mphasa zoyanika pampanda ndi ife apabanja. Mwachizolowezi ndinatsegula wailesi ya malume. Itatha nyimbo ya sopo ija, mawu a ku Blantyre anayamba kuwerenga uthenga wathu, kupempha mchemwali wa malemu, kulikonse komwe ali, kuti afulumire.

Amayi aakulu anamvetsera mpaka kumapeto, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda.

"Uwauze kuti taika kale, mwanawe," anatero.

Ndinatseka wailesiyo n'kuchotsamo mabatire.