Likhwelu la Tabo ya Ba Gerald

Ba Gerald Kabamba anakulila m'galaji ku Kabwata, akukonza mamotoka a anyamata a ku Kabulonga okonda liwilo. Mkazi wao Febby anaidziwa nchitoyo ndi makutu okha, makamaka kulila kwa tabo, chipangizo choonjezela mphamvu ya injini. Ankadziwa kuti tabo wamba, yozungulila pa mafuta, imayamba yazengeleza munthu akaponda moto, koma ya beling'i ya timipila imaliza likhwelu nthawi yomweyo, motoka n'kudumpha.

Chaka chimene mwana wao Pearl anabadwa, mnzao wa Ba Gerald anafela pa mpikisano wa mamotoka ku Lilayi. Ba Gerald analumbila pamaso pa apongozi kuti m'motoka ya banja achotsamo tabo ya timipila n'kuikamo tabo wamba.

M'mawa wina Ba Gerald anatulutsa motokayo pageti kwao ku Chelstone kuti apeleke mwana kusikelo. Potembenuka anaponda moto pang'ono, likhwelu n'kulila pompo.

Febby, amene ankadikila panja ndi mwana, anayandikila motokayo.

"Bashi Pearl, kansi tabo ija simunaichotse?"

"Mwakhala makanika liti, Bana Pearl? Kwelani, tichedwa."

Koma Ba Gerald sanamuyang'ane kumaso. Febby anabeleka mwana, nalimbitsa chitenge, n'kuwadutsa, kupita kukadikila minibasi pamsika.