Dzino la Limbani

Pansi pa nyumba imene ndimalondera m'dera la Al Nasr, kuno kunja kwa dziko, pali malo ophunzitsira nkhonya za ku Thailand. Dzulo ndili pa shifiti ndinaona mnyamata wina atagwada, chipumi chili pansi, asanayambe kumenyana. Mtima wanga unabwerera ku Mponela.

Tili ana, ine ndi mng'ono wanga Limbani tinkaonera vidiyo m'kanyumba konunkha thukuta ndi utsi wa jenereta. Tsiku lina anaonetsa mpikisano wa Mtchaina wa kung'fu ndi munthu wa ku Thailand. Akuluakulu ankati mitundu iwiriyi inayamba kalekale kuyesana mphamvu. Limbani ankachemerera Mtchaina, ine wa ku Thailand. Wa ku Thailand anayamba wagwada kaye, kenako anagwetsa mnzakeyo ndi bondo. Sindinkadziwa kuti kugwadako ndi mwambo wolemekeza aphunzitsi ake. Ine ndinkati wapambana chifukwa anapemphera.

"Wanu uja wangochita mwayi, achimwene," anatero Limbani. "Bwerani ndikuonetseni kung'fu."

Kuseri kwa tchalitchi ndinagwada pafumbi n'kupemphera ndi mtima wonse, kenako ndinamumenya ndi bondo pakamwa. Dzino linaguluka, magazi n'kuyenderera pa malaya ake a sukulu.

Ndinathamangira kwa bambo mokondwa. "Ababa, Mulungu wandiyankha!"

Bambo sanathyole chikwapu. Anamupukuta Limbani pakamwa n'kundifunsa motsitsa mawu: "Kodi unamuuza Mulunguyo kuti ameneyu ndi m'bale wako?"

Limbani akamaseka tikuonana pa foni, mpata wa dzino lija umaonekabe. Mpaka lero ndimaopa kupempha chigonjetso ndisanafunse kuti adzagweyo ndi ndani.