Mtengo wa Mango Sulowa M'botolo

Ndinalemba kalata yoyamba yodandaula tsiku limene mvula yobzalira inagwa chaka chatha. Kalatayo inali yopita kwa a Filipo, msuweni wanga, mwana wa azakhali anga. Ndinali nditamva kuti akufuna kugwetsa mtengo wa mango a boloma umene uli kuseri kwa nyumba yawo ku Nsaru, kuti awotchere njerwa. Ndinalembanso kawiri, koma yankho palibe. Makope onse atatu ali m'chikwama changa, pamodzi ndi kapepala kena kakale kokhala ndi banga pakona. Ndikakafunyulula kameneka, fungo la mango owira limabwerera m'mphuno mwanga.

Mtengowo anabzala ndi bambo anga. Mayi anakwatiwa chitengwa: anasiya kwawo ku Kabudula n'kudzakhala kumudzi kwa amuna awo ku Nsaru. Bambo anamwalira mango akuchita maluwa, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pamene zipatso zinkapsa, abale a bambo anali atawasudzula kale mayi, kuwamasula kuti abwerere kwawo ndi ana awo. Anatipatsa sabata ziwiri.

Chaka chimenecho mtengo unabereka mopanda chisoni. Nthambi tinachita kuzichirikiza ndi mphanda. M'mawa uliwonse pansi pankangoti mbwee mango ophulika, mavu ndi ntchentche zikulimbirana, mapazi athu akumata. Mayi anatulutsa kapepala kamene mlangizi wa zapakhomo anawalembera kophikira jamu. Iwo sankadziwa kuwerenga, choncho wowerenga ndinali ine: makapu anayi a mango osenda, makapu anayi a shuga, madzi a mandimu awiri. A Yusufu a pagolosale anatisungira mabotolo khumi ndi awiri, koma shuga amene tinali naye anali wokwana mabotolo asanu ndi limodzi okha.

Tinkaphikira pakhonde chifukwa cha mvula. Nkhuni zonyowa zinkatiliza ndi utsi. Mabotolo ankawira m'ndowa n'kumagundana, ndipo mu poto mango ankasungunuka pang'onopang'ono, akuthovoka ndi kutilumphira m'manja. Ndinaona mayi akuthira makapu awiri okha a shuga.

"Amayi, pepala lati anayi," ndinatero.

"Pepalalo lawaona mango ali pansiwa? Takasa."

Ndinatakasa. Mayi ankadontheza jamu pa mbale yozizira n'kumukankha ndi chala kuti aone ngati achite makwinya. Sankachita. Ankangoyenderera ngati phala la mwana. Komabe anadzaza mabotolo onse, n'kusungunulira kandulo pamwamba pa lililonse kuti mpweya usalowe.

Tsiku lachitatu azakhali, mayi ake a Filipo, anaima pabwalo atagwira m'chiuno.

"Kodi alamu, mukufuna mtengo wonse ulowe m'botolo eti?"

"Ukanalowa ndikanauika," mayi anayankha osatukula mutu.

Tinanyamuka pa ngolo. Mabotolo tinawakulunga ndi udzu mu dengu, ndipo dengulo ndinalifungatira ndekha njira yonse, ng'ombe zikuterereka m'matope. Silinasweke ngakhale limodzi, ndipo ndinanyadira kwambiri. Ku Kabudula mayi anawandandalika pamwamba pa khoma n'kutiletsa kuwakhudza kufikira nthawi yozizira, mango atatheratu.

Sanafike nthawi imeneyo. Chimanga chisanakhwime, kandulo inayamba kutukuka, jamu akutuluka thovu m'mbali. Pansi pake panali chuku chotuwa ngati ubweya wa mbewa. Mayi anapala pamwamba, anawiritsanso, analawa, n'kulavula. Anali atasasa. Anatsegula lina, kenako lina, ine ndikuwapatsira. Mpaka lomaliza, onse anali atasasa. Kenako anakakhuthula onse kudzala, natsuka mabotolo, n'kuwabwezera pakhoma opanda kanthu.

Kwa zaka zambiri ndinkati wolakwa ndinali ine. Wodziwa kuwerenga ndinali ine, ndiye ndikanalimbikira pa makapu anayi aja, tikanapulumutsa mabotolo asanu ndi limodzi. Lero ndakalamba kuposa mmene iwo anakalambira, ndipo ndikuona kuti mayi ankadziwa bwino lomwe zimene pepala linanena. Chimene sanathe ndi kusankha mango oti asiye pansi pa mtengo wa amuna awo.

Lero ndikulembanso kachinayi. A Filipo, malowo ndi anu mwa mwambo, ndipo sindikulimbirana nanu. Mtengonso sindingauletse kugwa. Pempho langa ndi lomwe lija lili m'makalata atatu: mundilole ndibwere ndi mpeni wanga ndidzadule timphukira tisanu, ndikamezanitse ku Kabudula pafupi ndi manda a mayi. Ndikupempha mwaulemu kuti nkhaniyi muiyankhe, ndipo muiyankhe polemba, nkhwangwa isanakhudze mtengowo.