Galimoto Yomwe Sinabedwe

Galimoto yathu sinabedwe. Ndikunena lero chifukwa apongozi anga anamwalira akukhulupirira kuti inabedwa.

Zinali m'ma 1980, tikukhala ku Thamesmead, mumzinda wa London. Apongozi atabwera kuchokera ku Zomba, ndinawatenga, pamodzi ndi mkazi wanga ndi ana, kupita kupaki yaikulu ya masewera kunja kwa London. Poimika magalimoto panali ngati dambo lathunthu. Mlonda anandilozera chikwangwani cha mzere wathu, koma sindinachiyang'ane n'komwe. Kwathu malo timawadziwa ndi mtengo kapena chulu, ndiye ine ndinangosunga m'mutu basi yofiira yomwe tinaima nayo pafupi.

Madzulo basi ija inali itapita.

Tinazungulira mvula ikugwa, ana akulira, apongozi akutsimphina atafunda chitenje kumutu. Mkazi wanga anafunsa, "Bambo a Chikondi, mukukumbukira pomwe munaimika?"

Mkamwini angavomere bwanji kupusa pamaso pa apongozi? Ndinaloza pansi. "Panali pompano. Aiba."

Apongozi anagwada m'matope n'kuyamba kupempherera wakubayo kuti atembenuke mtima. Ine ndinangoima nditatsinzina, makiyi ali m'manja.

Magalimoto atatha, yathu inaonekera patali ili yokhayokha.

"Wabweza," anatero apongozi, misozi ikutsika.

Anadwala chifuwa mpaka tsiku lobwerera kumudzi, komabe nkhaniyi anaichitira umboni kutchalitchi chathu ku Woolwich, kenako ku Zomba. Pa maliro awo, abusa anaibwereza, anthu onse n'kutembenukira kwa ine, mboni yoona ndi maso.

Ndinati ameni.